Mbiri ya kaikidwe ka mapulogalamu: ports za FreeBSD ndi makomboni a Lusaka

M'chaka cha 1994 munachitika zinthu ziwiri kumaiko otalikirana, ndipo panalibe amene akanaganiza zoziika pamodzi. Ku America, mu Ogasiti, Jordan Hubbard anayala maziko a njira yoikira mapulogalamu pamakompyuta oyendera FreeBSD, njira imene mpaka lero imatchedwa ports collection. Ku Lusaka, mu Novembala, kampani ya ZAMNET, yomwe inabadwira pa Yunivesite ya Zambia, inalumikiza dzikolo ku intaneti, ndipo Zambia inakhala m'gulu la maiko oyambirira mu Africa kuchita zimenezi. Mpanda wa yunivesiteyo unayandikana ndi Kalingalinga, komabe njira ya Hubbard siinazike mizu mu komboni. Anthu a ku Kalingalinga, Mtendere, Matero, George, Kanyama ndi Chawama anapeza njira zawo zoikira mapulogalamu, kuyambira pa CD, kenako fulashi, mpaka kutumizirana foni ndi foni. Ambiri amati n'chifukwa choti ports ndi za anthu ophunzira kwambiri. Mbiri ikusonyeza kuti luso silinasowepo mu komboni. Chinasowa ndi magetsi odalirika ndi intaneti yotsika mtengo, ndipo chimene komboni inataya posalandira njirayi ndi mwambo wodziwa kumene pulogalamu yachokera, mwambo umene ungatheke ngakhale popanda ziwirizo.

Nkhaniyi iyenera kuyambira ku Bell Labs, kumene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anayamba kulemba Unix mu 1969. Yunivesite ya California ku Berkeley inatenga Unix n'kuwonjezamo zake, ndipo pofika 1978 Bill Joy anali kutumiza matepi a BSD kwa amene anawapempha. Masiku amenewo pulogalamu inkabwera monga momwe mwiniwake anailembera, m'mawu amene munthu angawerenge, omwe akatswiri amati source code. Kuti igwire ntchito, wolandirayo ankayenera kuimanga yekha pamakina ake, kutanthauza kuidutsitsa mu compiler kuti isanduke malamulo amene makinawo amamva. Vuto linali loti mitundu ya Unix inachuluka, ndipo pulogalamu yolembedwa pamtundu umodzi inkakana pamtundu wina. Munthu ankatha masiku akusintha mzere apa ndi apo, n'kupeza kuti pulogalamuyo ikufunanso ina kuti iyende, ndipo inayo ikufuna inzake. Akatsiriza, nzeru zonsezo zinkathera m'mutu mwake. Mnzake wa mumzinda wina ankayambanso ntchito yomweyo kuchokera pachiyambi. FreeBSD itatuluka kumapeto kwa 1993, ili mwana wa BSD ya ku Berkeley, kutaya nthawi kotereku ndiko Hubbard anafuna kuthetsa.

Maganizo ake anali osavuta. Pansi pa /usr/ports pali mafoda ogawidwa m'magulu, monga www, mail, databases ndi editors, ndipo pulogalamu iliyonse ili ndi kafoda kakekake. M'kafodamo mulibe pulogalamu yeniyeniyo. Muli Makefile, imene imanena kumene pulogalamuyo ikapezeke, mtundu wake ndi zina zimene imadalira. Muli distinfo, imene imasunga kukula kwa failo ndi nambala yaitali yotsimikizira kuti chimene chabwera pa intaneti ndicho chimene mwiniwake anatulutsa (poyamba ankagwiritsa MD5, tsopano ndi SHA256). Muli zigamba zoti pulogalamuyo igwirizane ndi FreeBSD, ndiponso pkg-plist, mndandanda wa failo iliyonse imene idzaikidwe ndi malo ake. Munthu akalowa m'kafodamo n'kulemba make install clean, makina amakatenga source code, kuyerekeza nambala yotsimikizira ija, kuika zigamba, kumanga, kuika m'malo mwake ndi kusesa zotsala. Nambala ikasiyana, ntchito imaima pomwepo. Ngati pakufunika pulogalamu ina, makina amayamba amanga imeneyo. Ndipo chifukwa chilichonse chalembedwa, mwini makina akhoza kufunsa chaka chamawa kuti muli chiyani m'kompyuta yake, n'kuchotsa chimene sachifuna osasiya nyenyeswa. Satoshi Asami, amene anayang'anira ntchitoyi zaka zoyambirira, anaikuza kwambiri, ndipo lero ports zapitirira 30,000, zosamalidwa makamaka ndi anthu ongodzipereka.

Nzeruyi inafalikira msanga. OpenBSD inatenga njira yomweyo, NetBSD inayamba pkgsrc mu 1997, Gentoo Linux ya Daniel Robbins inabwera ndi Portage, ndipo pa makompyuta a Apple panabadwa DarwinPorts mu 2002, imene pambuyo pake inatchedwa MacPorts. A Debian anasankha njira ina: kumanga mapulogalamu kamodzi kwawoko n'kugawa omangamanga kudzera mu dpkg ndi apt. Mkangano wa njira ziwirizi unatenga zaka, koma kwa munthu wa ku Lusaka mfundo yaikulu ndi zimene njira ya ports inkayesa kuti aliyense ali nazo. Inkayesa kuti waya wa intaneti ndi wotsegula usana ndi usiku, kuti magetsi sazima makina ali pakati pa ntchito, ndiponso kuti kompyuta ikhoza kusiyidwa maola ambiri ikumanga popanda munthu woidikirira. Ku Berkeley zimenezi zinali zachidziwikire moti sanazilembe n'komwe.

Makomboni a Lusaka anamangidwa pamaziko ena. Mzindawu unayamba mu 1905 ngati poima sitima, n'kukhala likulu mu 1935, ndipo atsamunda sanaukonzere malo okwanira anthu akuda amene ankaugwirira ntchito. Matero inamangidwa ndi khonsolo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950, koma George, Chawama, Kanyama ndi Kalingalinga zinakula pamafamu ndi m'mbali mwa migodi ya miyala, kumene anthu ochokera ku Chipata, Petauke, Lundazi, Nyasaland ndi kwina anamanga okha popanda chilolezo. Ufulu utabwera mu 1964 ndipo malamulo oletsa kulowa mumzinda atatha, anthu anakhamukirako. Mtendere inatsegulidwa mu 1967 mwa dongosolo lopatsa munthu puloti ndi pulani kuti nyumba amange yekha, ndipo lamulo la 1974 pamodzi ndi ntchito ya World Bank zinavomereza makomboni monga George ndi Chawama n'kubweretsa misewu ndi mipope. Amene anaona Mtendere ikumangidwa sangavutike kumvetsa ports: ukulandira pulani yoyesedwa kale, zipangizo ukatenge wekha, manja ndi ako. Anthu amene anamanga midzi yathunthu motere sangatchedwe olephera kutsatira malangizo. Koma m'nyumba zambiri magetsi anafika mochedwa, ndipo lamya ya waya, imene intaneti yoyamba inkayendamo, inali ya maofesi ndi nyumba za ku Kabulonga ndi Woodlands.

Pa yunivesite, makalata a pakompyuta anayamba kuyenda cha mu 1991 kudzera mu Fidonet, makina akumaimbirana lamya ndi a ku Rhodes University ku South Africa. Mark Bennett ndi anzake a ku Computer Centre ndiwo anakankha ntchitoyi kufikira ZAMNET inabadwa. Waya woyamba wopita ku Cape Town unkanyamula mabiti 14,400 pa sekondi, ndipo umenewo unali wa dziko lonse. Masamu ake ndi osavuta: failo ya mamegabaiti 10 inkafuna ola limodzi ndi theka ngati palibe wina pamzere, ndipo zodzaza CD imodzi zikanatenga masiku oposa anayi. Ngakhale akatswiri ankadalira ma CD obwera pandege, onga amene kampani ya Walnut Creek inkagulitsa okhala ndi FreeBSD. Luso la ports linafikadi mu Africa, koma linalowera khomo lopapatiza. Kuyambira mu 2000, bungwe la AfNOG mothandizana ndi Network Startup Resource Center ya ku Oregon linkaphunzitsa oyendetsa maseva a makampani a intaneti ndi mayunivesite, ndipo kwa zaka zambiri maphunziro a maseva ankachitikira pa FreeBSD, ophunzira akumanga okha mapulogalamu a makalata ndi a DNS. Msonkhano wa 2013 unachitikira mu Lusaka momwemo. Amene anaphunzira kumeneko anali ochepa, ndipo ntchito yawo inali m'zipinda zozizira zokhala ndi jenereta.

Kompyuta inalowa mu komboni zaka za m'ma 2000 kudzera m'ma cafe a intaneti ndi timashopu totaipa makalata, kufotokopa ndi kusindikiza makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro. Makinawo anali ogwiritsidwa kale ntchito ku Ulaya ndi ku America, ndipo pafupifupi onse ankayendera Windows, makamaka XP itatuluka mu 2001. Amene anagwira ntchito m'malo amenewa amakumbukira chikwama cha ma CD chimene wokonza makompyuta aliyense ankayenda nacho, cholembedwa ndi maka pamwamba: Windows, Office, madraiva, Nero, antivayirasi. Laisensi yeniyeni inkadula kuposa kompyutayo, choncho aliyense ankaika zokopera ndipo palibe ankafunsa. CD inkachokera kwa mnzako, iyenso anaikopera kwa mnzake wa m'tauni, ndipo mzerewo sunkadziwika kumene unayambira. Mafulashi atachuluka, mavayirasi anapeza galimoto yaulere. Conficker ya mu 2008 ndi anzake oyenda pa autorun, kenako vayirasi yosandutsa mafailo kukhala ma shortcut, zinkadutsa kuchokera ku cafe kupita ku sukulu ndi ku tchalitchi. Mankhwala anali amodzi, kufomata ndi kuikanso zonse, kawirikawiri kuchokera pa CD yomweyo imene inabweretsa matendawo. Tinene chilungamo, njira imeneyi inagwira ntchito yaikulu, pakuti inaika kompyuta m'manja mwa anthu amene msika unawaiwala. Koma inalibe kaundula, ndipo inalibe poyesera ngati chimene chikuikidwacho n'chenicheni.

Mapulogalamu aulere anayesa kufika kudzera pa CD yomweyo. Ubuntu itayamba mu 2004, kampani ya Mark Shuttleworth inkatumiza ma CD kwaulere pa positi kwa aliyense wopempha, mpaka mu 2011, ndipo ku South Africa kunali makina otchedwa Freedom Toaster amene munthu ankapita ndi CD yopanda kanthu n'kukoperapo Linux. Bungwe la Camara la ku Ireland linabweretsa m'sukulu za ku Zambia makompyuta oikidwiratu Linux. Koma apa panaonekera chinthu chimene olimbikitsa mapulogalamu aulere sakonda kuvomereza. Pulogalamu ya Windows imabwera ngati failo imodzi yoti ulowetse pa fulashi n'kupita nayo ku Chawama, pamene ya Linux kapena BSD imadalira zinzake makumi angapo zimene makina amayembekeza kukatenga pa intaneti. Kugawana zidutswa koteroko n'kwanzeru kumene waya ulipo, chifukwa chidutswa chimodzi chikakonzedwa mapulogalamu onse amapindula. Kumene waya kulibe, ndi msampha. Mnyamata woika Ubuntu ku Kanyama ankapeza kuti siikuimba nyimbo za MP3, ndipo chofunika kuti iimbe chili pa seva ya kutsidya la nyanja. Mawa lake ankabwezeretsa Windows, ndipo sitingamunene kuti analakwa.

Kenako foni inalanda bwalo. Telecel inasanduka MTN mu 2005, Celtel inasanduka Zain n'kukhala Airtel mu 2010, ndipo zingwe za pansi pa nyanja, SEACOM mu 2009 ndi EASSy mu 2010, zitafika m'magombe a kum'mawa kwa Africa, Zambia inayamba kuzifikira kudzera mwa anansi ake. Mitengo inatsika, koma intaneti inafika mu komboni ngati bandulo yogula ndi makwacha ochepa, yotha pa tsiku kapena pa sabata, imene munthu amaiwerengera megabaiti iliyonse. Mafoni a Android otsika mtengo monga Tecno ndi itel atadzaza msika, kaikidwe ka mapulogalamu kanatsata njira yakale ija m'thupi latsopano. Mmodzi amatsitsa, ena onse amalandira pa Bluetooth, SHAREit kapena Xender. Pa Katondo Street ndi ku Town Centre, ndiponso m'tuntemba ta m'misika ya Matero ndi Mtendere, panabadwa ntchito yoflasha mafoni, kuwatsegula ndi kuikamo mapulogalamu, nyimbo ndi mafilimu pamtengo wochepa. Anyamata ochita zimenezi amadziwa mitundu ya ma chip, amadziwa failo yoyenera foni iliyonse, amadziwa kudzutsa foni imene mwiniwake anaitaya mtima. Munthu wotha zimenezi akhoza kuphunzira Makefile m'masabata ochepa.

Nthawi yomweyo ports nazo zinali kusintha, ndipo zinasinthira kumbali imene ikanathandiza komboni. Mapulogalamu anakula moti kumanga Chromium, LibreOffice kapena Rust pakompyuta yakale kumatenga tsiku lathunthu kapena kupitirira, ndipo ngakhale a ku Ulaya anatopa. Baptiste Daroussin anatsogolera kulemba chida chatsopano chotchedwa pkg, chimene chinakhala chokhazikika mu FreeBSD 10 kuchiyambi kwa 2014. Tsopano makina akuluakulu a FreeBSD amamanga ports zonse, ndipo wogwiritsa ntchito amangolemba pkg install n'kulandira zomangamanga, zosainidwa kuti asanamizidwe. Lamulo la pkg audit limayerekeza zimene zili m'makina ndi mndandanda wa mabowo odziwika, n'kuchenjeza mwiniwake. Chida china, poudriere, chimalola sukulu kapena kampani kumanga mapulogalamu ake kamodzi pamakina amodzi n'kugawira makompyuta ena onse. Imodzi mwa maseva ogawira mapaketi ili ku Johannesburg. Chodabwitsa n'choti FreeBSD inalowa kale mu komboni mobisika. WhatsApp inakulira pa maseva a FreeBSD, moti mmodzi mwa oiyambitsa, Jan Koum, anapereka madola 1 miliyoni ku FreeBSD Foundation mu 2014, ndipo PlayStation 4 imene ana amalipira kuti asewerepo mpira m'timashopu ta magemu imayendera dongosolo lochokera ku FreeBSD.

Wina anganene kuti nkhani yonseyi ndi maloto, poti magetsi akadali vuto. Umboni ali nawo. Mu Novembala 2015, ana a Giredi 9 atalemba koyamba mayeso a kompyuta, m'sukulu zina anadikirana mpaka usiku chifukwa makina anali ochepa ndipo magetsi ankazima. Mu 2024 chilala chinaphwetsa Kariba, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza za tsoka la dziko mu Febuluwale, ndipo pofika Seputembala madera ambiri ankakhala maola 21 pa tsiku opanda magetsi. Palibe munthu wanzeru akanauza wa kantemba ku George kuti amange LibreOffice m'maola atatu amene kampani ya magetsi ya ZESCO inkamupatsa, pamene maola omwewo anali otchajira mafoni a makasitomala. Zimenezi n'zoona, koma zikutsutsa ports za 1994, osati za lero. Kumanga ndi gawo lodula, ndipo kungachitike kamodzi pamalo pamene pali jenereta kapena sola. Kuyesa nambala yotsimikizira ndi kusunga kaundula wa zimene zaikidwa kumatenga masekondi ochepa ndipo sikudya bandulo. Nkhokwe yonse ya mapaketi ikhoza kukopedwa pa hard drive n'kukwera minibasi kupita ku Kanyama, siginecha yake ili yosasweka. Komboni ili kale ndi njira yogawirana imene imathamanga kuposa waya. Chosowa ndi choti katundu woyenda m'njirayo akhale ndi chidindo.

Winanso anganene kuti Play Store inathetsa kale vutoli, popeza Google imayesa mapulogalamu ndi kuwakonzanso yokha. Kwa munthu wokhala ndi Wi-Fi kunyumba, inde. Koma wogula bandulo ya tsiku amazimitsa kukonzanso kwa mapulogalamu kuti ndalama zake zisathere pamenepo, ndipo pulogalamu yolandira kwa mnzake siidutsa m'sitolo ya Google. N'chifukwa chake GB WhatsApp ndi mitundu ina yosinthidwa ndi anthu osadziwika inafala chotere, ngakhale eni WhatsApp anachenjeza mu 2019 kuti adzatseka oigwiritsa ntchito. Pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la chisankho, WhatsApp, Facebook ndi Twitter zitatsekedwa mu Zambia, anthu anathamangira kuika ma VPN, ambiri mwa iwo osadziwa amene anawalemba kapena kumene mauthenga awo akudutsa. Kale vayirasi inkawononga kalata yofunsira ntchito, koma lero foni yomweyo ndiyo ikusunga ndalama za Airtel Money ndi MoMo, ndalama za chilimba ndi za lendi. Komanso sitolo ya kampani imodzi siili ngati ports, zimene aliyense angatsegule n'kuwerenga. Mafoni atsopano a Huawei atachotsedwa pa mapulogalamu a Google mu 2019 chifukwa cha mkangano wa America ndi China, ogula a ku Lusaka anaona okha kuti khomo la sitoloyo likhoza kutsekedwa ndi anthu amene sanamvepo dzina la Chawama.

Chotsutsa champhamvu koposa n'choti kasitomala amafuna Windows ndi Word, chifukwa ndizo olemba ntchito amafunsa, ndipo wokonza makompyuta sangadye mfundo zabwino. Apa ndiyenera kuvomera kwambiri. FreeBSD siidzakhala pa laputopu ya mwana wa sukulu ku Mtendere, ndipo madraiva a Wi-Fi ndi maprinta otsika mtengo akadali ovuta pa iyo kuposa pa Linux. Koma si makina onse a mu komboni amene amataipa makalata. Pali seva yosunga mabuku pasukulu, makina ogawa Wi-Fi pamsika, kompyuta yosunga kaundula wa mamembala a tchalitchi kapena wa gulu losunga ndalama, ndipo m'malo otere FreeBSD, pfSense yochokera kwa iyo, kapena Debian zimagwira bwino pamakina akale. Microsoft inasiya kusamalira XP mu Epulo 2014 ndi Windows 10 mu Okutobala 2025, ndipo makompyuta ambiri ofika ku Lusaka ali akale sangalandire Windows 11. Makina amenewa adzakhalabe pantchito zaka zikubwerazi, kaya ndi mapulogalamu osamalidwa kapena ndi mabowo osatsekedwa.

Ntchito yotsalayi siifuna ndalama zambiri ndipo eni ake alipo. ZAMREN, imene imalumikiza mayunivesite ndi makoleji, ikhoza kusunga nkhokwe ya mapaketi mu Lusaka n'kulola okonza makompyuta kudzakopera pa hard drive. Makoleji a TEVETA ndi Evelyn Hone akhoza kuika kuyesa nambala yotsimikizira ija ndi kasamalidwe ka mapaketi m'maphunziro oyambirira a wokonza makompyuta, osati kuzisungira ochita digiri. BongoHive, imene yakhala ikusonkhanitsa olemba mapulogalamu kuyambira 2011, ikhoza kutsika kukakumana ndi oflasha mafoni a ku Matero ndi Kanyama, pakuti iwo ndiwo amaika mapulogalamu m'mafoni ndi m'makompyuta a anthu ambiri a mumzindawu. Ndipo inu amene mumapereka foni kapena laputopu yanu pa kantemba kuti akuikireni zinthu, funsani kumene pulogalamuyo yachokera musanalole kuti ilowe m'makina osunga ndalama zanu.